Kwa akuluakulu oyang'anira mamendulo a boma: chitsulocho chikutichititsa manyazi

Mabwana ndi amayi nonse amene mumasankha, kuoda ndi kugawa mamendulo a ulemu m'dziko muno, kuyambira ku Lusaka mpaka kuno kwathu ku Eastern,

Ndakupatsani moni. Kalatayi ndaiika poyera dala chifukwa mamendulowa amagulidwa ndi misonkho ya tonse ndipo ovekedwawo ndi makolo a tonsefe, ndiye si nkhani yonong'onezana mu ofesi ayi.

Chaka chilichonse pa 25 May, tsiku la Africa Freedom Day, ndi pa 24 October, tsiku limene tinalandira ufulu mu 1964, timakhala pa TV kuonera a President akuveka anthu ku State House, mayina akuwerengedwa mmodzimmodzi, uyu Order of the Eagle of Zambia, uyu Order of the Grand Companion of Freedom, uyu Order of Distinguished Service, ena President's Medal for Gallantry chifukwa choika moyo pachiswe kupulumutsa anzawo. Mwambo umenewu ndi wabwino, ine ndimaukonda, musaleke. Koma kupatula apo palinso mamendulo ena amene amapangidwa ambirimbiri nthawi imodzi n'kutumizidwa m'zigawo ndi m'maboma, a zikondwerero, a omenyera ufulu, a anthu amene atumikira nthawi yaitali, ndipo ambiri amene afika m'manja mwanga ndi a mtundu umenewu. Ndiwo andilembetsa. Mwambo ulibe vuto, mawu oyamikira alibe vuto, vuto lili pa chitsulo chenichenicho chimene munthu amapita nacho kunyumba.

Ine ntchito yanga ndi ya manja. Ndili ndi kashopu kuno ku Chipata komwe ndimadula makiyi, kukonza mawotchi ndi maloko, kuzokota mayina pa makapu a mpira ndi pa timapuleti ta pamanda, ndiye munthu akakhala ndi kanthu kachitsulo kakang'ono kamene kathyoka ndipo owotcherera mageti akakana, amamuuza kuti pitani kwa uja wa makiyi. Mamendulo amafika motero. Amabwera atakulungidwa mu hanki, ena m'kachitini ka masiwiti, ena mu envulopu ya khaki yothetheka, ndipo mwini wake sachoka, amaima pomwepo maso ali pa manja anga mpaka nditamaliza. Wotchi munthu amatha kusiya n'kudzatenga mawa koma mendulo sasiya.

Zimene ndimaona ndi izi. Golide wa pamwamba uja watuluka matuza, ukangokanda ndi chikhadabo akusupuka, pansi pake pali chitsulo chotuwa chodzaza timabowo ting'onoting'ono. M'mphepete muli mzere wa pomwe chikombole chinakumanirana, osaupala n'komwe ndi tupa. Zilembo zina zanenepa zina zaonda, zina zatsekeka pakati moti O ndi D sizikusiyana. Nkhwazi yathu, imene pa mbendera imaoneka yaukali mapiko ili tambasu, pamendulopo nthenga zaphatikana, mlomo wafufutika, diso palibe, ikuoneka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Zikundiwawa kulemba choncho za chizindikiro cha dziko langa koma ndi mmene zilili, tengani galasi lokulitsa zinthu muyang'ane nokha.

Mwina ena mwa inu simunaonepo mmene mendulo imapangidwira, si mlandu, ntchito yanu ndi ya mapepala, ndiye ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Njira yodalirika ndi yodinda, yomwe ija amapangira makobili. Mmisiri amayamba waumba chithunzicho chachikulu, kaya pa dongo kaya pa pulasitala, kukonza nthenga iliyonse ndi chilembo chilichonse, kenako chithunzicho amachichepetsa n'kuchisema pa chitsulo cholimba kwambiri chimene chimakhala chidindo, china cha kumaso china cha kumbuyo. Akatero amadula kachimbale ka brass (mkuwa wosakaniza ndi zinc) kapena bronze (mkuwa wosakaniza ndi tin) kapena mkuwa wosakaniza ndi nickel, n'kukaika pakati pa zidindo ziwirizo, makina n'kukanikiza ndi mphamvu ya matani ambiri, nthawi zina kangapo, akumakafewetsa pamoto pakatipakati kuti chithunzi chituluke chonse. Chitsulo chodindidwa chotere chimathinana mkati, sichikhala ndi mabowo, mizere yake imakhala yakuthwa, m'manja chimalemera ndipo ukachigogoda chimalira kulira kotalika. Njira yachidule ndi yosungunula zinc yosakaniza, kuthira m'chikombole, kuchotsa, kuviika m'mankhwala kuti pakhale kakhungu kopyapyala ka mtundu wa golide, basi mu pulasitiki. Ndi mmene amapangira ma key holder ndi zitsulo za malamba otchipa aja. Tsiku la mwambo zonse ziwiri zimanyezimira chimodzimodzi pa kamera, kusiyana kumadzaoneka pakadutsa madzinja awiri atatu mu sutikesi, chinyezi chitalowa, thukuta la m'manja litalowa pansi pa kakhungu kaja n'kuyamba kudya chitsulo cha mkati.

Ambuya ena anabwera kuchokera cha ku Katete ndi kamdzukulu kawo, atanyamula mendulo ya malemu amuna awo amene anavekedwa pa mwambo wina monga womenyera ufulu. Kamphete kolumikiza mendulo ndi riboni kanali katathyokera m'tsinde, pomwe kanamerera penipeni. Anati mwanawe, ndiwotcherereko aka, ana akufuna akaikoleke pa chithunzi cha atate awo tsiku loika mwala pamanda. Ndinaitembenuza, kuipala pang'ono kumbuyo, n'kuona kutuwa kuja. Ikanakhala ya brass inali ntchito ya kanthawi kochepa, chifukwa brass imapirira moto mpaka cha m'madigiri 900, umaika solda yolimba bwinobwino osaopa kanthu. Koma zinc imasungunuka pa madigiri 420 ndipo yosakaniza ija imagonja isanafike n'komwe pamenepo, ukangoyandikiza lawi mendulo yonse imafota n'kuyenderera. Ndinawauza kuti ambuya, moto apa sizitheka, chimene ndingachite ndi kuboola kabowo pamwamba ndipise waya. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti ndiye kuti si golide iyi, ine ndinati ayi ambuya si golide, ndipo golide weniweni olo maiko olemera sapereka kawirikawiri, koma iyi ngakhale brass si brass. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti boolani. Ndinaboola pang'onopang'ono kuopa kuti ingang'aluke pakati, kamdzukulu kaja kakuyang'ana zonse. Kumbuyo kwa mendulo ija kunalibe dzina la malemuwo, kunalibe nambala, kunali see.

Tsopano yerekezani ndi mamendulo a asilikali akale a nkhondo ya Hitler, amene akadalipo m'mabanja ena kuno kwa Angoni, Achewa, Ansenga, Akunda ndi Atumbuka. Anyamata a dziko lino analowa Northern Rhodesia Regiment, anakamenya ku Somaliland pa Tug Argan mu August 1940, ena anakafika mpaka ku Burma mu 1944, ndipo mamendulo a nkhondo imeneyo ndi monga Africa Star, Burma Star ndi War Medal ya 1939 mpaka 1945. Zaka 80 zadutsa, mamendulowa agona m'matiranki, ena anasomekedwa m'madenga a udzu momwe muli utsi ndi mwaye, riboni inadyedwa ndi njenjete kalekale, koma ukatenga kamswachi, sopo ndi kadontho ka Brasso, korona ndi zilembo zonse zimatuluka bwinobwino, pa War Medal paja mkango woponda chinjoka umaoneka mpaka ubweya wa m'khosi. Ndipo nyenyezi zimenezi, Africa Star ndi Burma Star, si golide ayi, ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc pang'ono, War Medal ndi mkuwa ndi nickel, zitsulo wamba. Ngakhale Victoria Cross, imene kwa Angerezi ndiyo mendulo yaikulu kuposa onse ya kulimba mtima pa nkhondo, ndi ya bronze chabe, ndipo kuyambira 1856 imapangidwa ndi kampani imodzi yomweyo ya Hancocks ku London. Iyoyo amachita kuthira m'chikombole, zoona, koma ikatuluka mmisiri amakhala nayo pansi kuisema ndi kuisalaza ndi manja imodziimodzi, dzina la wolandira ndi tsiku limene anachita zamphamvuzo n'kuzokota kumbuyo. Ndiye kukhalitsa kwa mendulo sikuchokera pa kudula kwa chitsulo, kumachokera pa kusankha chitsulo choyenera ndi kupatsa mmisiri nthawi.

Musandimve ngati ndikusilira atsamunda. Ndi anthu omwewo amene anawombera Nsingo mwana wa Mpezeni mu February 1898 n'kulanda ng'ombe za Angoni, tauni ino n'kuitcha Fort Jameson, ndipo asilikali aja ambiri anabwerera kumudzi n'kufa ali osauka mamendulo ali m'thumba. Chimene chimandipweteka ndi chomwecho, kuti boma limene silinkatiwerengera linasiyira agogo athu chinthu chokhalitsa, pamene boma lathulathu, lopereka ndi mtima woyamikira, likupatsa atate athu chinthu chimene chikusupuka iwo akadali moyo. Komanso Angereziwo pali pamene anaphonya ndipo ife tisatengere. Mamendulo a nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 ankadinda nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali pa chitsulo, koma a nkhondo yachiwiri ambiri anaperekedwa opanda dzina, ndiye lero banja limene linatumiza anyamata awiri atatu ku nkhondo silidziwanso kuti iyi inali ya yani, ndipo ikabedwa n'kugulitsidwa palibe njira yoibwezera kwa eni ake.

Dzina, mabwana, ikani dzina. Kuzokota dzina si ntchito yaikulu, ine ndimachita pa makapu a masukulu tsiku ndi tsiku, mwana wopambana mpikisano wothamanga amalandira kapu yolembedwa koma nkhalamba imene inamangidwapo chifukwa cha dziko ikulandira chitsulo chopanda kanthu kumbuyo. A Reuben Kamanga amene anali Vice President woyamba kuyambira 1964, a Grey Zulu, a Dingiswayo Banda, awa ndi ana a chigawo chino ndipo mayina awo ali m'mabuku, sadzaiwalika. Koma kuli anthu a m'midzi ya ku Chadiza, Vubwi, Lundazi, Petauke, amene ankagulitsa makadi a chipani mobisa, azimayi amene ankaphika usiku n'kubisa anyamata ofunidwa ndi apolisi a atsamunda, amenewa palibe buku lowatchula, msewu wa dzina lawo kulibe, umboni wawo wonse ndi kachitsulo kameneka ndi setifiketi ya pepala imene chiswe chikhoza kuimaliza usiku umodzi. Dzina, chaka ndi nambala zikhale pa chitsulo penipeni, ndipo nambalayo igwirizane ndi kaundula amene mdzukulu angakatsegule ku National Archives n'kupeza kuti agogo ake anavekedwa chifukwa chiyani. Zikatero ngakhale uja amene angafune kuvala mendulo ya mwini wake kuti azipatsidwa mpando wa kutsogolo pa misonkhano adzagwidwa msanga.

Ndiye pali nkhani ya mkuwa, imene imandizunguza mutu kwambiri. Dziko lino limadziwika ndi mkuwa. Mtundu wa orenji pa mbendera ukuimira chuma cha pansi pa nthaka, pa chizindikiro cha boma pali piki ndi khasu, pali nsanja ya mgodi pafupi ndi chimanga ndi mbidzi. Malole onyamula mkuwa timawaona ndi maso athu akudutsa pa Katete kulowera ku Chanida, pa malire ndi Mozambique. Makolo athu ankasungunula mkuwa azungu asanabwere, ku Ingombe Ilede kufupi ndi Zambezi anafukula mu 1960 mitanda ya mkuwa, mawaya ndi zibangili zimene zinagona m'nthaka zaka mazanamazana koma zinatuluka zili zozindikirika. Ku Luanshya a ZAMEFA amapanga waya ndi ma cable a mkuwa mpaka kugulitsa kunja. Ndiye zitheka bwanji kuti mendulo ya dziko la mkuwa ikhale ya zinc yoviika? Lamulani kuti mendulo iliyonse ya boma ikhale ya bronze kapena brass yochokera ku mkuwa wa m'migodi yathu ndipo kumbuyo kulembedwe choncho, munthu azinyadira kuti chimene wavala pachifuwa chinakumbidwa ku Copperbelt kapena ku North Western ndi mwana wa mnzake. Bronze siifuna ndi kupakidwa komwe, ikamakalamba imada mokongola, siituluka matuza. Olo makina odindira atakhala kunja pa zaka zoyambirira, chitsulo chikhale chathu ndipo zidindo zikhale katundu wa boma wosungidwa kuno, osati kontrakita aliyense watsopano aziyamba kujambula nkhwazi yakeyake.

Ndipo musanene kuti amisiri kulibe. Pitani pa msika wa Kapata muone anyamata okhoma mbaula, ndowa ndi makeni othirira dimba mmene amapindira malata ndi nyundo chabe mzere n'kuongoka. Ku Mfuwe kuli azimayi amene amatenga waya wa misampha yolandidwa kwa opha nyama mozemba n'kuusula kukhala ndolo ndi zibangili zimene alendo amagula n'kupita nazo kwawo. Tauni ino inkatulutsa njinga ku Luangwa Industries. Ndikuvomera kuti kusema chidindo cha mendulo ndi luso lina lofuna maphunziro ndi makina, wa mbaula sangadzuke n'kuchita mawa, koma kupala, kusalaza, kulumikiza mphete, kusoka riboni, kuzokota mayina, kupanga timabokosi ta mukwa m'malo mwa pulasitiki, zonsezi ana athu a ku sukulu ya ntchito za manja ya Chipata Trades akhoza kuphunzira, ndipo ntchitoyo imabwera chaka ndi chaka, kawiri.

Za kajambulidwe nazonso ndinenepo. Pamene dziko limabadwa mu 1964 panali anthu amene anakhala pansi kuganizira maonekedwe ake, mayi Gabriel Ellison amene anajambula mbendera ndi masitampa ambiri a dziko lino ndi mmodzi wa iwo, ndipo ntchito yawo mpaka lero ukaiona umadziwira patali kuti ichi n'cha Zambia. Chiboliboli cha Freedom Statue ku Lusaka, cha munthu wodula unyolo chija, chinaimikidwa mu 1974 ndipo nachonso chili ndi nkhani imodzi yomveka, mwana wa giredi 2 amaimva osafotokozeredwa. Mendulo ndi kanthu kakang'ono kokwana m'chikhatho, sikafuna zinthu zambiri. Koma ena amene ndawagwira munthu wathiramo zonse, nkhwazi, mapu, mbendera, chizindikiro cha boma chathunthu ndi bambo ndi mayi aja oima m'mbali, masamba ozungulira, zaka, mawu ataliatali, zonse zothinikizidwa mpaka nkhope za anthu awiri aja zangokhala timibulu. Zimaonekeratu kuti wina anangotenga zithunzi pa kompyuta n'kuzisanjikiza, osaganiza kuti chojambula pa pepala ndi chotumphuka pa chitsulo ndi zinthu ziwiri zosiyana, pa chitsulo palibe mitundu yokuthandiza, chimene chimaonetsa chithunzi ndi kuya ndi kutumphuka basi. Tili ndi osema ziboliboli ndi ojambula ku Visual Arts Council ndi ku koleji ya Evelyn Hone, itanani mpikisano, alipireni, dzina la wojambula lilembedwe m'kaundula. Mendulo ya mlimi wodyetsa dziko ikhale ndi khasu looneka kuti ndi khasu, ya namwino isiyane ndi ya msilikali munthu ali patali.

Pa mitundu napo pali chinyengo chimene wogula sangachione tsiku loyamba. Enamel yeniyeni ndi galasi lopera limene amathira m'timaenje ta mendulo n'kuwotcha mu uvuni mpaka litasungunuka, kenako kupala kuti lifanane ndi chitsulo, imeneyo siisuluka. Yotchipa ndi penti yothira kaguluu koonekera pamwamba, kaguluuko pakapita nthawi kamasanduka kachikasu n'kuyamba kumatuka m'mbali, girini wa mbendera n'kukhala wotumbuluka.

Riboni ndiye musanene. Riboni yabwino mitundu yake imalukidwa mu ulusi momwemo, ukaitembenuza kumbuyo ndi kumaso n'chimodzimodzi. Imene ndikuona kawirikawiri ndi kansalu koterera kodindidwa mitundu mbali imodzi, kumbuyo koyera, ikagwidwa ndi dzuwa la October lija lofiira limasanduka pinki, orenji kukhala chikasu, ikanyowa lakuda limalowerera mu girini, m'mphepete mukuyoyoka ulusi. Kumbuyo kwake amaika kapini kofewa kamene kamapindika tsiku lomwelo. Ganizirani kuti ovalawo ambiri ndi nkhalamba, manja akunjenjemera, maso sakuona bwino, kapini kakang'ono kotero sangakatsegule okha, ndipo jekete imene avala mwina ndi imodzi yomweyo ya ku tchalitchi, pini yoipa ikaing'amba palibe ina. Azimayi ndiye amaiwalidwiratu. Mendulo yopangidwira thumba la jekete ukaikoleka pa bulauzi yopyapyala imakoka nsalu n'kulendewera chammbali, amayi achikulire amangokhalira kuigwirizira ndi dzanja mwambo wonse. Chofunika ndi kachitsulo kotambalala kumbuyo kokhala ndi loko wake, kapena riboni yomanga mwa mfundo imene imakhala bwino pa diresi, zinthu zimene wosoka aliyense wa pa Down Shops kuno ku Chipata angakuuzeni mutamufunsa.

Anthu a kuno amadziwa chinthu chopangidwa bwino, musawapeputse. Bwerani ku Mtenguleni mu February pa Nc'wala muone mmene Mngoni amasamalira chishango chake, nthenga za kumutu ndi zikopa, kapena ku Mkaika mu August pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi muone mikanda ya azimayi mmene yalukidwira mtundu ndi mtundu. Pa miyambo yotereyi ndi pomwenso nkhalamba zina zimatulutsa mamendulo awo n'kuvala, pamaso pa mafumu, pamaso pa alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Zonse zimene munthuyo wavala zopangidwa kumudzi zili bwino, chimene chasupuka ndi chokhacho chochokera ku boma.

Ndikudziwa ena anena kuti mendulo sadya, nkhalambazi zikufuna ndalama, mankhwala, feteleza ndi malata, osati zitsulo. Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo ndawamvapo eni ake akudandaula zomwezo pa shopu panga. Koma ziwirizi sizikulimbana. Ndalama ya mendulo ikutuluka kale, funso ndi lakuti ikugula chiyani. Ndipo ndaona kuti nkhalamba yomweyo yodandaula za ndalama, ukaiuza kuti igulitse mendulo, imakwiya. Ngati bajeti ndi yochepa ndi bwino kupanga ochepa abwino, ena adikire chaka chamawa, kusiyana ndi kugawa mulu wa zinthu zimene pakatha zaka zisanu ana adzachita nazo manyazi kuzionetsa.

Mmene ndimaonera ine, zinthu zimalakwika pa kaodedwe. Tsiku la mwambo limadziwika chaka chonse, 24 October sasuntha, koma katundu akaodedwa mochedwa wopanga aliyense amathamangira njira yachidule, kusema chidindo chabwino kumafuna masabata. Ndiponso pepala la tenda likangolembedwa kuti mamendulo a mtundu wa golide okhala ndi riboni, wopambana ndi amene watchula mtengo wotsika, ndipo sanalakwe, wapereka chimene mwapempha. Lembani zonse, chitsulo chake ndi chiti, kulemera magalamu angati, kukhuthala mamilimita angati, yodinda osati yothira, ngati pali kukutira golide kapena siliva kakhunguko kakhale kokhuthala ma micron angati, mphete yowotcherera yotsekeka, riboni yoluka. Wopanga abweretse sampulo miyezi ingapo mwambo usanafike, a ZABS, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, alipo ndipo kuyesa katundu ndi ntchito yawo, aidule pakati aone chili mkati, aisiye m'nthunzi ya madzi a mchere aone ngati ichita dzimbiri, akoke mphete, riboni aianike padzuwa n'kuichapa. Pa komiti yolandira katunduyo pakhaleko mmisiri mmodzi wa zitsulo ndi msilikali mmodzi wopuma amene wapukutapo mamendulo moyo wake wonse, awa sanganamizidwe ndi kunyezimira. Katundu akalephera abwezedwe, wopanga alipire yekha.

Chomaliza ndi cha amene analandira kale. Munthu mendulo yake ikathyoka, ikasupuka kapena riboni ikatha, pakhale khomo lodziwika pa chigawo pano loti akagogode, osati azizungulira m'tauni kufunafuna wa makiyi. Pakhale mpukutu wa riboni yeniyeni ya mendulo iliyonse kuti munthu azidulirako, chifukwa panopa ena akusokerera riboni ya pa keke ya ukwati mitundu yosagwirizana n'komwe. Mabanja a omenyera ufulu amene mamendulo awo aonongeka chifukwa cha kapangidwe apatsidwe ena abwino olembedwa dzina, kwaulere, akabweza akalewo, ndipo muyambire kwa amene akadali moyo chifukwa atsala ochepa ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Mafumu ndi ma DC akhoza kusonkhanitsa mayina mosavuta. Ngati mukufuna kuona ndi maso musanasankhe chochita, tumizani munthu kuno, lengezani pa wailesi kuti aliyense amene ali ndi mendulo ya boma abwere nayo tsiku lakutilakuti, tiyale patebulo akale ndi atsopano, ine ndibwera ndi galasi, sikelo ndi tupa.

Ine wanu,
Mmisiri wa makiyi ndi zozokota,
Chipata